A Zomata ndi Buku la a Jaji

A Zomata agwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma masitepe opita ku maofesi apamwamba awaponda kasanu kokha. Kawiri anapita kukakhoma mashelefu. Kachitatu anawaitana kuti akachotse khoswe amene anafera kuseri kwa kabati, popeza apamwambawo, ngakhale ndi anthu ophunzira, mphuno zawo n'zanthete. Maulendo awiri otsalawo ndiwo ali ndi nkhani.

Nyumba ya kampaniyi ndi yosanja. Pansi pali makina, zitini za inki, milu ya mapepala ndi anthu ovala maovolosi, ndipo khomo lawo lili kumbuyo kumene lole imatsitsira katundu. Pamwamba pali kapeti, makatani ndi anthu amene amagamula kuti buku ili lisindikizidwe, ilo libwerere kwa mwini wake. Palibe amene analemba lamulo loti wapansi asakwere. Lamulo lotero silifuna kulemba, miyendo imalidziwa yokha.

Ntchito ya a Zomata ndi yotsiriza. Mapepala akachoka pamakina, iwo amapinda, kusoka, kumata chikuto, kenako kudula ndi chimpeni chachikulu kuti buku lisalale mbali zonse zitatu. Dzina loti Zomata linachokera pa kumatako, ndipo lenileni linatsala pachiphaso chokha. Ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wa zala zokhakhala ndi guluu. Samwa, sasuta, za mpira alibe nazo ntchito. Nthenda yawo ndi imodzi: sangaone mapepala ali balala n'kuwasiya. Kunyumba anasoka makalata akale, makalendala otha ntchito, ngakhale timapepala takuchipatala ta ana onse anayi, chilichonse ndi chikuto chake. Akazi awo amati, "Ine ndimatembenuka dala ndikagona. Tsiku limene ndidzakhale phee, bambo awa adzandimata chikuto."

Buku likalakwika, kaya masamba azondoka kaya ena asowa pakati, kapitawo amalola antchito kutenga. A Zomata ankabwera nawo otero kunyumba. Ana atatu ankangowakhalira, koma wachiwiri, mtsikana, ankawawerenga. Tsono poti mabukuwo anali opunduka, nkhani inkaduka pamene yafika pokoma, ndipo mwanayo ankawalondola bambo ake mpaka pakhomo la bafa. "Ababa, ndiye anamupeza? Nanga uyu walowa bwanji m'ndende?" Iwo ali m'katimo ankangoti, "Ine ndimasoka, sindilemba. Ganiza wekha." Dzina loti Mafunso linamukakamira kuyambira pamenepo.

Mafunso anakhoza bwino sekondale, koma njira ya kukoleji siinatseguke. Anapeza ntchito m'sitolo yofotokopa mapepala, ndipo zaka zinayi anakhala akupanga makope a zolemba za anthu ena, kwinaku akuwerenga mwakuba zonse zodutsa m'manja mwake. Chimene ankafuna sankabisa. Ankafuna kukakhala pamwamba paja, pamene zolemba za anthu zimafikira zisanakhale mabuku.

Koma ntchito zapamwamba sizituluka m'nyuzipepala. Mpando ukapezeka, pamabwera mwana wa mlongo wa mwini kampani, kapena mwana wa dokotala amene anaphunzira limodzi ndi a Mkonzi. Amayamba ndi "kuthandiza" miyezi ingapo osalandira kanthu, chifukwa kwawo kuli womudyetsa ndi galimoto yomutula pakhomo, kenako tsiku lina mumangoona dzina lake lili pachitseko. Anthu apansi nkhani zotere amazimva kwa mayi wophika tiyi, munthu yekhayo amene amakwera ndi kutsika popanda womufunsa. Ndiye amene anawanong'oneza a Zomata kuti wowerenga zolemba mmodzi akuchoka kumapeto kwa mwezi.

A Zomata anayenda nayo nkhaniyo m'mimba masiku atatu. Lachinayi anaitchula kunyumba mongodutsa, ngati akunena za mvula, ndipo akazi awo anaika pansi chimene ananyamula.

"Ndiye mwapita kukamunenera mwana?"

"Kumeneko sikopita chisawawa."

"Zaka zonsezi mukuwamatira mabuku, lero kukhale kosapita? Khoswe uja munamukwerera, mwana wanu simungamukwerere? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, bambo."

Mafunso anangowayang'ana bambo ake, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa mawu.

Lachisanu anavula ovolosi, navala jekete la paukwati wa mwana wawo woyamba, nakwera. Atafika pamwamba anaima pamene kapeti imayambira ngati munthu woyesa kuya kwa madzi. A Mkonzi, bambo wamtali wa magalasi olendewera pachingwe, anawalandira ndi mawu okweza.

"A Zomata athu! Msana wa kampani ino! Lowani, lowani."

A Zomata sakhulupirira munthu woyamika asanamve chimene wabwerera. Anakhala kunsonga kwa mpando n'kunena nkhani yawo m'mawu osapitirira khumi ndi asanu.

"Ali ndi digiri?" anafunsa a Mkonzi.

"Alibe, bwana."

"Anagwirapo ntchito ya mabuku?"

"Amafotokopa."

A Mkonzi anapukuta magalasi nthawi yaitali. Anafotokoza kuti ntchitoyi ndi yovuta, imafuna munthu amene anakulira m'mabuku. A Zomata anaganiza za mulu wa mabuku opunduka uli pansi pa bedi la mwana wawo. A Mkonzi anafotokozanso kuti kunena zoona mpandowo unali utalonjezedwa kale kwa mdzukulu wa mwini kampani, amene wangobwera kumene kuchokera kunja. Komabe munthu amene wakumatira mabuku zaka zoposa makumi awiri sungamubweze chimanjamanja, choncho maso a a Mkonzi anayendayenda m'chipindamo mpaka anatera pa mulu wa mapepala umene unali pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu.

Linali buku la a Jaji ena opuma pantchito, nkhani yopeka ya masamba 312, ndipo linali litakhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu.

"Aliwerenge ili, alembe maganizo ake pamasamba awiri, abwere nalo Lachisanu. Sindikulonjeza kanthu. Koma chonde, a Zomata, kope ndi lomweli, lina kulibe. Lisasowe tsamba ngakhale limodzi."

Mawu otsirizawo ndiwo analowa m'mafupa. Muluwo unali womangidwa ndi kamphira kofooka, ndipo kanaduka asanafike n'komwe pansi pa masitepe. Madzulo ake Mafunso anayamba kuwerenga patebulo, wina anatsegula chitseko, mphepo n'kuulutsa masamba asanu, limodzi mpaka pafupi ndi beseni la madzi. Mafunso anangowatola n'kupitiriza. A Zomata anasiya chakudya n'kuyamba kuwerengera masambawo ngati onse alipo.

Loweruka amagwira ntchito mpaka masana. Mafunso atapita kusitolo kwake, iwo ananyamula muluwo mwakachetechete. Anausoka ndi ulusi wabwino umene amasungira mabuku a mphatso, anamata msana, naika chikuto cha nsalu yobiriwira. Koma a Jaji anali atatayipa pamapepala a misinkhu itatu, ena aatali, ena otambalala, ndipo m'mphepete munali ngati mano a macheka. Za chimene chinachitika kenako, a Zomata amanena mpaka lero kuti sanaganize, manja anapita okha. Anakankhira bukulo pansi pa chimpeni. Khapu kumutu, khapu kumbali, khapu kumiyendo. Linatuluka losalala ngati sopo watsopano.

Analiika patebulo kunyumba, nakhala pambali ngati munthu wosadziwa kanthu. Mafunso atafika anati "Ii, ababa!" n'kulisisita. Anatsegula. Anatembenuza tsamba, lina, linanso. Kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono.

"Ababa, mawu a m'mphepete ali kuti?"

"Mawu ati? M'mphepete simukhala mawu."

Ndipo kwa iwo zinali zoona. Zaka zonsezi mapepala amafika pabenchi pawo atachoka pamakina, m'mphepete muli mbee, modikira mpeni. Koma awa sanachoke pamakina. A Jaji, atatha kutayipa, anadutsamo ndi bolopeni yabuluu, akukonza, akuwonjezera, pena ziganizo zathunthu zokwera chammbali mpaka pamwamba. Tsopano panatsala zitsa zokhazokha, theka la liwu apa, mchira wa chilembo apo.

Mafunso sanalire. Anatseka bukulo bwinobwino, nakakhala pakhonde. Amayi ake anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Kwa anzathu nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu kuno wadya ndi wamkulu, m'mimba mukupota mwana."

Maganizo a a Zomata anathamangira kuthumba la zodulidwa kumene mawuwo anagwera. Lamulungu limenelo linali lalitali kuposa mwezi, chifukwa fakitale inali yokhoma, ndipo ankadziwa kuti Lolemba lililonse m'mawa kumabwera munthu wa ngolo amene amatenga matumba a zodulidwa.

Mlonda potsegula geti Lolemba anawapeza ataima kale. Pamene woyendetsa makina, mnzawo wa zaka zambiri, ankafika, anaona miyendo yokha, mutu ndi mapewa zili m'thumba.

"Akulu, mwataya dzino?"

"Gwira thumba ili, usiye zolankhula."

Timizere ta a Jaji tinalimo, tosakanikirana ndi zodulidwa za buku la masamu. Tina tinali tidakali pamodzi monga mpeni unatisiyira, koma tambiri tinamwazika chifukwa wosesa anapondaponda thumbalo kuti mulowe zambiri. A Zomata anatola kalikonse kokhala ndi inki yabuluu, topyapyala ngati chala, mpaka tinadzaza katoni ya nsapato. Wa ngolo anadikira theka la ola akung'ung'udza.

Mafunso anapempha masiku atatu kusitolo. Anayala timizereto patebulo, n'kutitsikiza ndi masupuni, mabotolo ndi miyala kuti mphepo isachitenso zake. Vuto linali lakuti kamzere sikanena kwawo, nambala ya tsamba palibe. Bambo akaweruka ankathandiza ndi maso a ntchito yawo: ili ndi pepala lachikasu, ndiye ndi la pakati; apa mpeni unapendekera pang'ono, ndiye ndi la kumapeto. Mwana ankayendera nkhani. Akawerenga kamzere konena za mkazi wolira pasiteshoni, ankadziwa mutu umene mkaziyo ali pasiteshoni, n'kusaka tsamba limene zitsa za zilembo zikulumikizana. Potero tsamba lililonse analiwerenga kanayi kapena kasanu. Tsiku loyamba ankalankhula ndi bambo ake za mapepala zokha. Tsiku lachiwiri anaseka mwadzidzidzi.

"Ababa, munthu uyu anamwalira pa tsamba 90. Ndinapita nawo kumaliro ake. Pano pa 204 akudya paukwati."

"Mwina ndi mphwake."

"Ndi yemweyo, ndi chipewa chake chomwe."

"Ndiye usamusokoneze, mwina ali ndi njala."

Kumata kamzere kalikonse pamalo pake sikukanatheka, bukulo likanatupa mbali imodzi ngati tsaya la wodwala dzino. Choncho Mafunso analemba nambala ya tsamba kuseri kwa kalikonse, ndipo a Zomata anatisoka tonse pamodzi. Panatuluka kabuku kotalika ngati buku lenileni koma kopyapyala ngati rula, nakonso ndi chikuto chobiriwira, poti munthu saleka khalidwe lake tsiku limodzi. Timizere khumi ndi kamodzi sitinapezeke.

Lachinayi madzulo Mafunso anati, "Ndikapita ndekha. Ndikanena kuti ndine ndinakupemphani."

"Ayi. Wadula ndine. Ukayamba ntchito ndi bodza udzalidyetsa mpaka kupuma."

Umenewo ndiwo unali ulendo wachisanu. A Mkonzi ataona buku lobiriwira anaimirira.

"Taonani! Izi ndiye ntchito! A Zomata, inu ndinu..."

"Musayamike msanga, bwana. Tsegulani."

Anatsegula. A Zomata anatulutsa kabuku kopyapyala m'thumba la jekete, nakaika pambali pa linzake, n'kufotokoza zonse mosazungulira. A Mkonzi anasiya magalasi agwere pachifuwa, nakhala pansi.

"Mwandipha, a Zomata. Bambo amene uja anamanga anthu pa milandu yochepa kuposa uwu. Akubwera Lachitatu kudzamva za buku lake." Anapuma, kenako anawonjezera motsitsa mawu, ngati akudziuza okha, "N'chifukwa chake zinthu za kuno sizitsika pansi zisanathe."

A Zomata anawamva mawuwo bwinobwino, ndipo anawameza. "Mlandu ndi wanga, bwana. Mwanayu sanadziwe. Ngati pali chilango chibwere kubenchi kwanga, koma masamba ake awiri muwawerenge."

A Mkonzi anatenga masambawo mwaulemu chabe. Anawerenga ndime yoyamba mothamanga, yachiwiri pang'onopang'ono, kenako anavalanso magalasi. Mafunso anali atalemba kuti nkhaniyo ili ndi mtima koma imachedwa kudzuka, kuti mutu wachisanu ndi chinayi wabwerezedwa pafupifupi wonse m'mutu wa khumi ndi chinayi, ndiponso za malemu wodya paukwati uja.

"Ee, zimenezi ndinaziona," anatero a Mkonzi.

"Palinso wina amene analembamo ndi pensulo," anatero Mafunso, nkhope ili bwinobwino. "Mfundo zake n'zabwino, ndaziika pazokha kumapeto. Kungoti analekera pa tsamba 41. Mwina pensulo inatha."

A Zomata anayang'ana kapeti, akulakalaka itatseguka. A Mkonzi anatsokomola. Miyezi iwiri m'mbuyomo anali atalembera a Jaji kalata yonena kuti bukulo aliwerenga lonse ndi chisangalalo chachikulu, ndipo mayi wa tiyi ananena pambuyo pake kuti kope la kalatayo linali mudirowa momwemo.

Kenako a Mkonzi anayamba kuwerengera pazala zimene zinali kuwadikira Lachitatu. Panafunika munthu woti akawauze a Jaji kuti buku lawo ladulidwa. Panafunika woti akhale nawo pansi n'kuwafunsa zimene analemba pa timizere khumi ndi kamodzi totayikato. Panafunikanso wolimba mtima woti awauze kuti munthu wawo anauka kwa akufa popanda chilolezo. Ndipo munthuyo anafunika kulidziwa bukulo. Anayang'ana kukhomo, kumene kunali maofesi a anthu a madigiri, nabweza maso.

"Miyezi itatu," anatero. "Yoyesa. Tizikupatsani ya basi yokha, ndi mmene onse amayambira. Mpando uja wapita kale, monga ndinanenera. Tikuikirani tebulo pakhonde lamkati, pafupi ndi makina ofotokopa, poti mumawadziwa kale. Mutha kumathandizako anzanu akafuna makope."

A Zomata anaona nsagwada za mwana wawo zikulimba, ndipo anafulumira kuyankha iwo. "Abwera Lolemba, bwana. Zodya adya kwathu."

"Ndipo inu, a Zomata, chilichonse chochokera m'chipinda chino musachiyandikize kumpeni."

"Ndamva, bwana."

A Jaji anabweradi Lachitatu. Anakalipa ola lathunthu, mawu akumveka mpaka pansi ngakhale makina ankalira, ndipo a Zomata anamata chikuto chimodzi chozondoka, koyamba m'zaka khumi. Pambuyo pake kunamveka kuti za pa timizere totayika a Jaji sanakumbukire n'chimodzi chomwe, koma analonjeza kulemba zina zotalikirapo. Za malemu uja anakana kwamtuwagalu mpaka Mafunso anawatsegulira masamba onse awiri. Anayang'ana apa, nayang'ana apo, kenako anati adzabweranso Lachitatu linalo, ndipo akufuna kudzakumana ndi "mtsikana wamwano yemweyu," osati wina.

Miyezi itatuyo siinathebe mpaka pano, ndipo a Zomata salola munthu kuwayamikira. Woyendetsa makina akati, "Akulu, mwabereka bwana," iwo amati, "Ndabereka wofotokopa wa pamwamba. Tidzaona."

Koma m'sabata yoyamba yomweyo panachitika kanthu kena. Nthawi ya nkhomaliro Mafunso anatsika ndi kambale kake, nadzakhala pa mtolo wa mapepala pambali pa bambo ake, monga ankachitira akawabweretsera chakudya ali wamng'ono.

"Anzako akudyera kuti?" anafunsa a Zomata.

"M'chipinda cha misonkhano. Amakamba za malo amene ine sindinafikeko. Kuno kuli bwino."

"Nyamula mbale yako."

"Ababa?"

"Bwerera. Ukakhale nawo, ngakhale pakona. Ukazolowera kutsika, iwonso azolowera kukutsitsa. Ine undipeza kunyumba."

Mafunso anawayang'ana nthawi yaitali, funso lili pamlomo, koma ulendo uno sanalifunse. Anavundikira mbale yake n'kukwera.

Woyendetsa makina anapukusa mutu. "Mwana akubwera kudzadya ndi bambo ake, inu n'kumuthamangitsa ngati nkhuku?"

"Idya zako."

Makina anali atazima, ndipo nthawi yotero mapazi a anthu apamwamba amamveka padenga. A Zomata anatsegula mbale yawo, koma sanayambe kudya. Anapendeketsa mutu, akuyesa kusiyanitsa kuti mwa mapazi onsewo, a mwana wawo ndi ati.